Purosesa Yanga Yakale Inathamanga Bwino mu Juni, N'kugwa mu Okutobala

Kompyuta imene ndimakonzera mavidiyo a maukwati, a zinkhoswe ndi a makwaya a kutchalitchi ili ndi purosesa ya Intel Core 2 Quad Q6600, imene inayamba kugulitsidwa mu Januwale 2007 (purosesa ndi kachipangizo kamene kali ngati ubongo wa kompyuta). Ndinaigula kwa munthu wina amene anali atatopa nayo, ndipo chimene chinandikopa chinali mtengo basi, popeza ndalama za kompyuta yatsopano ndinalibe, ndipo mpaka lero sindinazipeze. Inkagwira ntchito mokhulupirika koma mwaulesi. Vidiyo imodzi ya kwaya, ndikaiika mu pulogalamu ya HandBrake kuti ichepe kukula isanapite kwa eni ake, inkadya mphindi pafupifupi 50, ndipo m'nyengo ya maukwati, pamene Loweruka lililonse limabwera ndi ntchito yake, mphindi zimenezo zinkaunjikana mpaka tambala woyamba kulira ndidakali pampando. N'chifukwa chake ndinaganiza zoyesa zimene amisiri a makompyuta amazitcha overclocking, kutanthauza kuyendetsa purosesa pa liwiro loposa limene inapatsidwa ku fakitale. Ndalemba izi kuti amene ali ndi makina okalamba ngati anga aone pamene ndinapunthwa, makamaka chifukwa cholakwa changa chachikulu chinali kuiwala kuti chaka chathu chili ndi Juni komanso chili ndi Okutobala.

Ndisanakhudze kalikonse ndinayamba ndaona ngati motherboard yanga, bolodi lalikulu limene zipangizo zonse za kompyuta zimalumikizidwapo, ikulola n'komwe zimenezi. Makompyuta ambiri akale amene amapezeka m'misika yathu ndi amene anachokera m'maofesi, monga a mtundu wa Dell OptiPlex ndi anzake, ndipo BIOS ya makina otere, pulogalamu ya pa motherboard imene imadzutsa kompyuta ndi kukulolani kusintha makonzedwe ake, ilibe malo osinthira liwiro la purosesa, chifukwa anapangidwira kalaliki amene akufuna kuti chinthu chiziyaka m'mawa uliwonse popanda nkhani. Pali njira ina yomata katepi pa kamalo kamodzi kolumikizira kunsi kwa Q6600 kuti ikwere kufika pa 3.0 GHz ngakhale m'makina otsekedwa choncho, koma ine sindinaiyese ndipo sindiifotokoza pano. Kompyuta yanga inali yolumikizidwa ndi munthu kuchokera ku zipangizo zogula paderapadera, motherboard yake ndi ya soketi ya LGA775 yokhala ndi chipset ya P45 (chipset ndi kachipangizo kolumikiza purosesa ndi zipangizo zina), ndipo nditalowa mu BIOS ndinapeza zonse zili poyera. Ndinatsegulanso kapulogalamu kaulere ka CPU-Z kuti ndidziwe mtundu weniweni wa purosesayo, popeza Q6600 inatuluka pawiri. Yoyamba ndi ya B3, yolembedwa SL9UM pachivindikiro, ya mawati 105, ndipo yachiwiri ndi ya G0, yolembedwa SLACR, ya mawati 95, imene sitentha kwambiri ndipo imalola kukwezedwa mosavuta. Yanga inali G0, ndipo nditaona zimenezo ndinadziona ngati watola chikwama panjira.

Masamu ake ndi a pulayimale. Liwiro la purosesa imeneyi limapezeka pochulukitsa nambala ziwiri, liwiro la msewu wolumikiza purosesa ndi chipset, umene umatchedwa FSB, ndi nambala yochulukitsira imene ili m'purosesa momwemo. Ku fakitale FSB ndi 266 MHz ndipo chochulukitsira ndi 9, zimene zimapereka 2.4 GHz. Chochulukitsiracho pa Q6600 chimatsika mpaka pa 6 koma sichikwera kupitirira 9, choncho njira yokhayo ndi kukweza FSB. Ikafika pa 333 purosesa imayenda pa 3.0 GHz, ikafika pa 356 imayenda pa 3.2 GHz, ndipo ikafika pa 400 imayenda pa 3.6 GHz. Chimene sindinachimvetse msanga n'chakuti FSB siyenda yokha, imakoka RAM, mmene kompyuta imasungamo kwakanthawi zimene ikugwiritsa ntchito, ndi chipset ngati ng'ombe zomangidwa m'goli limodzi.

Usiku woyamba ndinalemba 333, n'kusunga, n'kuyatsanso, ndipo sikirini inangoti bii. Mafani ankazungulira, kanyali kakutsogolo kanali koyaka, koma panalibe ngakhale chilembo chimodzi. Thukuta linandituluka ngakhale kunali kozizira, chifukwa m'kati mwa makinawo munali vidiyo ya ukwati imene ndinali nditalandirira kale theka la ndalama. Chimene chinachitika n'chakuti RAM yanga ndi DDR2-800, ndipo kuti ifike pa 800 pamene FSB ili pa 266 imachulukitsidwa ndi 3. Ine ndinakweza FSB osasintha nambala imeneyo, ndiye RAM inakakamizidwa kuyenda pa 1000, liwiro limene siinalengedwere. Mankhwala ake ndi kubwezeretsa BIOS mmene inalili poyamba. Ndinazula chingwe cha magetsi pakhoma, ndinachotsa kabatire kozungulira ngati ndalama, kolembedwa CR2032, ndinadikira mphindi zingapo, n'kukabwezera, ndipo kompyuta inadzuka ngati sinachitepo kanthu. Ma motherboard ambiri alinso ndi timisomali tiwiri kapena titatu tolembedwa za CMOS timene timagwira ntchito yomweyo, ndipo ndikukulangizani kuti mudziwe pamene tili musanayambe, osati kumatifunafuna ndi tochi mtima uli m'mwamba monga ndinachitira ine. Nditabwereranso ndinaika chochulukitsira cha RAM pa 2.4, kuti 333 ibereke 800, ndinakhomereranso liwiro la PCI Express pa 100 MHz kuti khadi ya zithunzi isakokedwe nawo, ndipo Windows inatsegula pa 3.0 GHz.

Apa mpamene ndinayamba kuyang'ana za kutentha, zimene ndinayenera kuyamba nazo. Pulogalamu ya Core Temp inasonyeza kuti ma core anayi a purosesayo, kutanthauza zigawo zinayi zimene zimagawana ntchito, ali pa madigiri oposa 50 kompyuta isakuchita kalikonse. Nditatsegula bokosi bwinobwino masana ndinaona chifukwa chake. Pakati pa fani ndi timasamba tachitsulo ta choziziritsira panali fumbi lolukana ngati bulangete, moti ndinalisenda ndi zala n'kutuluka lathunthu. Nditachotsa choziziritsiracho ndinapeza kuti thermal paste, phala lotuwa lija limene limapakidwa pakati pa purosesa ndi chitsulo choziziritsira, linali litauma n'kung'aluka ngati dothi la m'dambo pa chilimwe. Ntchito ya phala limeneli ndi kudzaza timaenje tosaoneka ndi maso timene tili pankhope za zitsulo ziwirizo, chifukwa mpweya wotsekeredwa m'timaenjemo suyendetsa bwino kutentha, ndipo likauma ntchitoyo imatha. Ndinapukuta mbali zonse ziwiri ndi kansalu koyera konyowetsa mu isopropyl alcohol, n'kudontheza phala latsopano la Arctic MX-4 pakati penipeni, kadontho kofanana ndi njere ya nandolo, ndipo kukanikiza kwa choziziritsira ndiko kunalifalitsa. Ena amapaka lambiri ngati akupaka majarini pa buledi, koma lochuluka limangotuluka m'mbali n'kudetsa soketi. Ndamvaponso za anthu opaka mankhwala otsukira mano, ndipo amenewo amauma m'masiku ochepa chabe.

Choziziritsira chimene chimabwera ndi mapurosesa a LGA775 chimagwira ndi timiyendo tinayi tapulasitiki tokanikiza m'mabowo a motherboard, ndipo pobwezera ine ndinasiya kamwendo kamodzi kasanalowe mpaka kulira. Zotsatira zake, ma core awiri ankawerenga madigiri 12 kuposa anzawo. Kusiyana kwa madigiri atatu kapena anayi n'kwachibadwa pa Q6600, popeza pansi pa chivindikiro chake pali tizidutswa tiwiri tosiyana, kalikonse kokhala ndi ma core awiri, koma kukafika pa 10 n'kupitirira dziwani kuti chitsulo chakhala mopendekera. Timiyendoto timakanikizidwa tiwiritiwiri moyang'anana pangodya, ndipo ndi bwino kusuzumira kuseri kwa motherboard kuti muone ngati nsonga zonse zinayi zatulukira. Nditakonza zimenezo, kutentha kwa kompyuta yongokhala kunatsika ndi madigiri oposa 10, ndisanagule chitsulo chatsopano chilichonse.

Nkhani ya voteji ndiyo ikufunika kuimvetsa modekha, chifukwa ndi imene imabala kutentha kwambiri. Purosesa ikamathamanga kwambiri imafuna voteji yokwererapo kuti isalakwitse masamu, koma magetsi amene imadya, amene onse amasanduka kutentha, amakwera molingana ndi liwiro kamodzi ndipo amakwera molingana ndi voteji kawiri, ndiye kuti voteji yochulukitsidwa ndi iyo yomwe. Kuchoka pa 2.4 kufika pa 3.0 GHz voteji isanasinthe kumawonjezera kutentha ndi gawo limodzi mwa magawo anayi. Koma kufika pa 3.4 GHz, voteji itachoka pa 1.25 kufika pa 1.40, kumachititsa kuti purosesa idye magetsi ochuluka pafupifupi kuwirikiza 1.8 poyerekeza ndi mmene inabadwira. Akulu anati walira mvula walira matope, ndipo matope a ntchito imeneyi ndi amenewo. BIOS ikasiyidwa kuti izisankha yokha voteji, nthawi zambiri imapereka yochuluka kuposa yofunika pofuna kuonetsetsa kuti makina ayaka, choncho ndinaichotsa pa Auto n'kulemba ndekha. Malire amene Intel inaika pa purosesa imeneyi ndi mavolti 1.5, koma kufika kumeneko ndi choziziritsira cha mpweya n'kudziputira mavuto. Mudzaonanso kuti voteji imene CPU-Z imasonyeza purosesa ikakhala pa ntchito yolemera ndi yotsikirapo poyerekeza ndi imene munalemba mu BIOS. Kutsika kumeneku amakutcha vdroop ndipo kunaikidwa dala, choncho nambala yoyenera kuiyang'ana ndi imene ikuoneka katundu ali pamutu.

Kuti Windows yatsegula si umboni woti zinthu zili bwino. Ndinagwiritsa ntchito Prime95, pulogalamu yofufuzira manambala aakulu imene imapanikiza ma core onse mpaka pamapeto ndipo imadziwa yankho lolondola la masamu amene ikuchita, moti purosesa ikalakwitsa ngakhale pang'ono imaimitsa core yolakwayo n'kulemba uthenga. Ili ndi mayeso otchedwa Small FFTs, amene amatenthetsa purosesa yokha kwambiri, ndi ena otchedwa Blend, amene amayesanso RAM ndi chipset. Njira yanga inali kukweza FSB ndi 10 kapena 15, kuyesa kwa mphindi 20, ndipo core ina ikaima ndinkawonjezera voteji ndi kasitepe kamodzi kokha n'kuyesanso. Ndikafika pamene ndakhutira ndinkaisiya usiku wonse, ndipo RAM ndinkaiyesa payokha ndi MemTest86+ yoyatsira pa fulashi. Zonse ndinkalemba m'kope la sukulu, tsiku, FSB, voteji, ndi kutentha kokwera kwambiri kumene ndaona. Chimene sindinkalemba, ndipo ndinadzanong'oneza nacho bondo, ndi kutentha kwa chipinda chimene ndinkakhalamo.

Pa zowerenga kutentha pali msampha wina. Purosesa ya Core 2 siuza pulogalamu madigiri enieni, imangonena kuti yatsala ndi madigiri angati kuti ifike pamalire ake, amene amatchedwa TjMax, ndipo pulogalamu iliyonse imachotsera nambala imeneyo pa malire amene yokha yaganiza. N'chifukwa chake Core Temp ndi RealTemp zinkandipatsa manambala osiyana ndi madigiri angapo pa nthawi imodzimodzi. Ndinasankha pulogalamu imodzi n'kukhala nayo, ndipo ndinazolowera kuyang'ana mtunda wotsala kufika pa TjMax, umene susintha kaya mwatsegula pulogalamu iti. Nambala ya madigiri 71 imene Intel inaika ngati malire a kutentha a G0 ndi ya pamwamba pa chivindikiro chachitsulo, osati ya m'kati mwa ma core, ndipo m'kati mumakhala motentha kuposa pamenepo.

Ndi choziziritsira chakale, pa 3.0 GHz, Prime95 inkafikitsa ma core pa madigiri 70 n'kupitirira pang'ono, fani ikulira ngati chigayo. Ndikanatha kuima pomwepo, koma mtima sukhuta. Ndinapempha msuweni wanga amene amagwira ntchito ku Johannesburg kuti pobwera anditengere choziziritsira chachikulu choima ngati nsanja, Cooler Master Hyper 212 EVO, chimene chili ndi timapaipi tinayi tamkuwa ndi fani ya mamilimita 120, ndipo anaonetsetsa kuti m'katoni muli zomangira za LGA775. Atafika nacho anandiseka kuti, "Achimwene, chitsulo chonsechi mukufuna kuziziritsira kompyuta kapena injini ya minibasi?" Kuchimanga kunafuna kuchotsa motherboard yonse, chifukwa chili ndi chitsulo chogwirira kuseri, ndipo kutalika kwake ndi mamilimita 159, moti chitseko cha m'mbali cha bokosi langa chinatsekeka mokhudzana ndi nsonga za timapaipi. Muyeze bokosi lanu ndi rula musanatume munthu. Kusintha kwake kunali kwakukulu. Pa 3.0 GHz kutentha kunagwera m'madigiri a m'ma 50, ndipo ndinayambanso kukwera mpaka FSB ya 378, imene ndi 3.4 GHz, pa voteji ya 1.40, RAM nditaitsitsa kuti iziyenda pa 756. Prime95 inayenda maola 8 popanda cholakwa, ma core osapitirira madigiri 66. Munali mu Juni, ku Lilongwe, ndipo mayeso onsewo ndinkachita usiku nditavala juzi ndi chipewa.

Kwa miyezi itatu zonse zinali myaa. Kenako kunabwera Okutobala. Chipinda chimene ndimagwiriramo ntchito chili ndi denga la malata lopanda siling'i, ndipo masana a mwezi umenewo munthu umamva malata akuthetheka pamutu. Tsiku lina, cha m'ma 2 koloko masana, ndikutulutsa vidiyo ya ukwati, sikirini inasanduka yabuluu n'kulemba nambala 0x124, imene kawirikawiri imatanthauza kuti purosesa yokha yaulula kuti yakumana ndi cholakwa chimene singathe kuchikonza. Ndinayatsanso, ndinayambiranso, ndipo patatha mphindi 30 zinabwerezanso. Choipa kwambiri ndinachizindikira mawa lake, pamene mayi wina amene ndinamupatsa vidiyo sabata yapitayo anandiimbira kuti pakati pa nyimbo ina chithunzi chikuphwanyika kukhala timabokosi tobiriwira. Nditaonera fayilo yanga ndinapeza kuti vutolo lili momwemo. Makinawo anali atayamba kulakwitsa masamu mwakachetechete masiku angapo asanagwe poyera, ndipo ndinayenera kutulutsanso ntchito zitatu ndi kupepesa kwa anthu amene anandikhulupirira.

Ndinabwereka kachipangizo koyezera kutentha n'kukapachika pakhoma, ndipo masana kanasonyeza madigiri 34. Usiku wa mu Juni chipinda chomwecho chiyenera kuti chinali pansi pa 20. Choziziritsira cha mpweya, kaya chikule bwanji, sichipanga kuzizira, chimangosamutsa kutentha kuchoka m'purosesa kupita mu mpweya umene chapatsidwa, choncho digiri iliyonse imene chipinda chakwera imakweranso m'purosesa. Madigiri 66 aja anali atasanduka 82 ndi kupitirira, fumbi la Ogasiti ndi Seputembala litathandizirapo. Ndiponso purosesa ikatentha imataya magetsi ambiri m'kati mwake ndipo imafuna voteji yokwererapo kuti ikhalebe yolondola pa liwiro lomwelo, ndiye voteji imene inali yokwanira mu Juni inali yoperewera mu Okutobala, pamene kuiwonjezera kukanangokoleza moto.

Panali chinanso chimene sindikanachiganiza ndekha. Mmisiri wina wachikulire amene amakonza mawailesi ndi makompyuta kufupi ndi kwathu anabwera kudzaona, ndipo m'malo moyang'ana purosesa anagwira kachitsulo koziziritsira chipset n'kubweza chala msanga. Anati, "Mwana wanga, mwaziziritsa mfumu n'kuiwala nduna zake." Anandionetsa kuti choziziritsira chakale chija, ngakhale chinali chaching'ono, chinkauzira mpweya chotsika, ndipo mpweyawo unkamwazikira pa chipset ndi pa tizipangizo tozungulira soketi timene timasandutsa mavolti 12 kukhala voteji yaing'ono ya purosesa. Chansanja chimauzira cham'mbali, kulunjika kumbuyo kwa bokosi, ndipo tizipangizo timeneto timatsala pamalo opanda mphepo pa nthawi imene FSB yokwera ndi voteji yokwera zikutisenzetsa katundu woposa kale. Palibe pulogalamu imene inkandionetsa kutentha kwa malo amenewo. Tinatenga fani ya mamilimita 80 m'kompyuta ina yakufa n'kuimangirira ndi timalamba tapulasitiki kuti iziuzira pa chipset ndi m'mphepete mwa soketi, ndipo kachitsulo kaja kanayamba kugwirika.

Bambo yemweyo anandiuza kuti ndiwerenge chipepala chomatidwa pa power supply, kabokosi kamene kamagawa magetsi m'kompyuta. Pamwamba panalembedwa mawati 450 ndi zilembo zikuluzikulu, koma pamzere wa mavolti 12, umene umadyetsa purosesa ndi khadi ya zithunzi, panalembedwa maampu 18 okha. Kuchulukitsa 12 ndi 18 kumapereka mawati 216, ndipo purosesa yokwezedwa ija payokha inkatha kudya oposa theka la amenewo. Chipangizocho chinali chopepuka ngati chitini chopanda kanthu, ndipo mpweya wotuluka kumbuyo kwake unali wotentha ndi kafungo ka pulasitiki. Ndinagula china chogwiritsidwapo kale ntchito koma cholemera, chokhala ndi maampu oposa 30 pa mavolti 12. Pa ndalama zonse zimene ndinawononga pa ntchitoyi, zimenezi ndi zimene sindidandaula nazo ngakhale pang'ono, chifukwa power supply ikapsa kawirikawiri siipita yokha.

Za kayendedwe ka mpweya m'bokosi ndinaphunzira mwa kuyesa. Kuchotsa chitseko cha m'mbali n'kulozetsa fani ya patebulo m'katimo kumatsitsadi madigiri angapo, ndipo ndinachita zimenezo kwa sabata imodzi kuti ndimalize ntchito za anthu, koma fumbi limene linalowa m'sabata imeneyo linaposa la miyezi iwiri. Chokhalitsa chinali kuika fani imodzi kutsogolo yokoka mpweya, ina kumbuyo yotulutsa, fani ya choziziritsira ikuuzira molunjika ku ya kumbuyoyo, ndi kumanga zingwe zonse kuti zisatchinge njira. Pambali pa mafani ambiri pali timivi tiwiri tosonyeza kumene mpweya ukupita, ndipo nditayang'ana ndinapeza kuti mwini wake wakale anamanga fani ya kumbuyo chagada, ikukokera m'kati mpweya wotentha umene power supply yangotulutsa. Kutsogolo ndinamata kachidutswa ka neti ya pazenera kuti kazigwira fumbi, ndipo bokosi lonse ndinalichotsa pansi, pamene tsache limaliponyera fumbi m'mawa uliwonse, n'kuliika patebulo kutali ndi khoma. Pouzira fumbi ndi chopopera mpweya, gwirani fani ndi chala kuti isazungulire mopenga, chifukwa zimawononga mkombero wake.

Kuthima kwa magetsi nakonso kuli ndi mbali yake. Magetsi akathima mwadzidzidzi n'kubweranso, motherboard yanga nthawi zina imaganiza kuti yalephera kuyaka chifukwa cha manambala amene ndinaika, ndiye imabwerera yokha pa 2.4 GHz osandiuza. Kawiri konse ndinagwira ntchito masiku angapo ndikudabwa kuti makina afookeranji, mpaka nditatsegula CPU-Z. Tsopano manambala anga ndinawasunga mu BIOS momwemo, popeza ili ndi malo osungira, ndiponso ali pachikuto cha kope lija. Ndinasiyanso SpeedStep ndi C1E zili zoyaka, ngakhale kuti ena amalangiza kuzizimitsa, chifukwa zimatsitsa chochulukitsira kufika pa 6 purosesa ikakhala ilibe ntchito, ndipo kwa munthu wogula mayunitsi a magetsi, mawati 50 owonjezera kwa maola 6 ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a yunitsi tsiku lililonse. Mukaona CPU-Z ikusonyeza 2.0 GHz pamene munaika 3.0 musadabwe, ndi 333 kuchulukitsa ndi 6, ndipo imakwera yokha ntchito ikabwera.

Pomaliza pake ndinatsika kubwerera pa 333 kuchulukitsa ndi 9, ndipo ndinayamba kuchotsa voteji kasitepe kamodzikamodzi mpaka pamene Prime95 inadandaula, n'kubwezerapo masitepe awiri. Inakhazikika pang'ono pansi pa 1.30. Mayeso omaliza ndinawachita dala masana a Novembala mvula isanagwe, mazenera ali otseka, kuyambira 11 koloko mpaka 5 koloko madzulo, ndipo ma core sanapitirire madigiri 68. Vidiyo ya kwaya ija imene inkatenga mphindi 50 tsopano imatenga 41. Pa 3.4 GHz inkatenga pafupifupi 37, ndipo mphindi 4 zimenezo ndi zimene ndinalipira ndi ntchito zitatu zobwereza komanso manyazi pa foni.

Pali zinthu zimene liwiro silinasinthe. Kuchedwa kuyaka ndi kuchedwa kutsegula mapulogalamu kunatha pamene ndinaika chosungira mafayilo chofulumira chotchedwa SSD m'malo mwa hard disk yakale, ndipo pa ntchito za tsiku ndi tsiku kusintha kumeneko kunamveka kwambiri kuposa overclocking yonse. Q6600 ilibenso malangizo otchedwa SSE4.1, choncho mapulogalamu ena atsopano amakana kutsegula kaya iyende pa liwiro lotani, ndipo Windows 11 siivomereza. Popeza Microsoft inasiya kuthandiza Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, makinawo ndinawachotsa pa intaneti n'kuwasiya kuti azingokonza mavidiyo, ndipo mafayilo ndimawasamutsa pa fulashi.

M'kope lija ndinawonjezera mzere wa kutentha kwa chipinda, ndipo kachipangizo koyezera ndinagula kangakanga, kali pakhoma pamwamba pa sikirini. Kumapeto kwa Seputembala aliyense ndimatulutsa bokosi pakhonde, ndimauzira fumbi, ndimachapa kaneti ka kutsogolo, n'kuyendetsa Prime95 masana athunthu ndisanalandire ntchito za Okutobala. Vidiyo iliyonse ndimaionera yonse ndisanaipereke. Chaka chino fani yaing'ono ya pa chipset ija yayamba kulira ikamayamba kuzungulira m'mawa, ndipo ndauza kale bambo aja kuti akapeza kompyuta ina yakufa andisungire ina.